Tinakaona Victoria Falls pa basi, ine ndi anzanga

Kuno kwathu ukangonena kuti ukupita kunja, funso loyamba limakhala loti ukukaoda chani kapena wapeza ganyu yanji. Ukayankha kuti ayi ndikungokaona malo, anthu amakuyang'ana ngati ndalama zakuchulukira. Zimenezi ine zimandiwawa ndithu, chifukwa chinthu chimene anthu amakwerera ndege kuchokera ku Japan ndi ku Germany kuti adzachione, mathithi a Victoria Falls, chili pa Zambia pompa, ndipo ife Amalawi sitifunika ndi viza yomwe, pasipoti basi.

Ife tinapita ndi anzanga amene tinaphunzira limodzi ku sekondale. Palibe olemera pagulu lathu, ena aphunzitsi, wina nesi, wina amagulitsa mafoni. Tinangotsegula gulupu pa WhatsApp n'kuyamba kusonkha mwezi ndi mwezi ngati chipereganyu, ndalama amasunga ndi sisi wina amene sanyengerera munthu, ukachedwa kupereka amakuimbira mamawa usanasambe n'komwe. Ena anagwa m'njira, zimachitika, anabwezeredwa zawo popanda kukangana. Otsalafe tinanyamuka pa holide ya Pasaka.

Ndinene zoona, msewu ndi wautali ndipo umadya nthawi kuposa malo amene mukupitawo. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boda ya Mchinji ndi Mwami si nkhani, komanso pano zidindo za mayiko onse awiri amadinda malo amodzi ndiye simuchedwa ngati kale. Pa Chipata umangomva ngati uli kumudzi, Chinyanja chokhachokha. Ntchito imayamba mukakwera basi ya ku Lusaka, makilomita oposa 550, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, kenako mapiri aja okhotakhota otsikira pa mlatho wa Luangwa pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Ku Lusaka tinagona, m'bandakucha tili pa depoti ya Intercity kukwera ina ya ku Livingstone, tauni ya pafupi ndi mathithiwo, makilomita enanso pafupifupi 480, Kafue, Mazabuka kuja kwa minda ya nzimbe ngati ku Nchalo, Monze, Choma, Kalomo. Pofika miyendo inali itatupa, koma m'basimo ndi mmene tinacheza nkhani zonse zimene pa foni sitimaliza, za ana, za ngongole, za aphunzitsi athu akale amene anatisiya.

Loji tinapeza yotchipa m'tauni, zipinda zogawana komanso kitchini yoti muziphika nokha. Apa ndi pamene kuyenda pagulu kumathandiza. Ufa, tomato ndi kapenta timagula ku msika wa Maramba, nsima timaphika tokha madzulo, takisi yopita ku mathithi yomwe ndi makilomita 10 okha kuchoka m'tauni timagawana mtengo. Munthu mmodzi payekha akanalira nazo.

Tsopano mathithiwo amwene. Usanawaone umayamba wawamva, mkokomo wake umalowa mpaka m'chifuwa, ndipo nthunzi yake imaoneka uli m'tauni momwe. Mtsinje wonse wa Zambezi, wotambalala mamita oposa 1,700, umangofika pamphepete n'kugwera m'chiphompho chakuya mamita oposa 100. Miyezi ya Marichi ndi Epulo madzi amakhala atadzadza chifukwa cha mvula yakumtunda, ndiye nthunzi ija imakwera m'mwamba n'kumabwerera pansi ngati mvula yamphamvu pomwe kumwamba kuli dzuwa phwee. Pali kamlatho kena kochepa ka oyenda pansi, amakatcha Knife Edge, ukamadutsa pamenepo madzi amakumenya kuchokera kumwamba, m'mbali, ngakhale pansi, maso osatsegulika bwinobwino, mnzako ali pafupi koma mukuchita kukuwa kuti mumvane. Pageti amabwereketsa ma renikoti koma ife tinanyowabe mpaka zamkati. Mnzathu wina amene amalongolola kwambiri pagulu lathu anangoima chilili atagwira chitsulo, kenako anangoti Mulungu ndi wamkulu, basi osaonjezeranso. Utawaleza umaoneka pansi pako m'chiphompho, nthawi zina awiri. Foni ikulungeni mu jumbo, ndipo musathe nthawi yonse mukulimbana ndi zithunzi, nyengo imeneyi zambiri zimangotuluka zoyera mbee. Khalani kaye muone ndi maso.

Ine chimene chinandikhudza n'kuganiza kuti madzi amenewa akutsika mpaka ku Mozambique kumene amakakumana ndi Shire wathu. Ndinauza anzangawo kuti mtsinjewu ndi wachibale, anandiseka koma ndimanena zochokera pansi pa mtima.

Titaumako pang'ono tinatsetsereka kanjira kopita ku Boiling Pot, pansi penipeni pamene madzi amazungulira asanapitirire. Kutsika n'kosavuta, pobwerera ndiye mawondo amadziwa. Anyani a kumeneko alibe mantha ndi munthu, akaona jumbo amadziwa kuti muli chakudya ndipo amalanda, choncho zakudya zikhale m'chikwama chotseka. Uli pansipo ukayang'ana kumwamba umaona mlatho waukulu uja wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Unatsegulidwa mu 1905, maganizo anali a Cecil Rhodes, mtsamunda wa ku Britain, amene ankafuna njanji yochoka ku Cape Town kukafika ku Cairo, koma mwini wakeyo anamwalira mu 1902 osauona. Zitsulo zake zinapangidwa ku England, kubwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji. Pamene tinapitako mathiraki anali akudutsabe pomwepo. Pa boda amapereka kapepala kokulolani kuyenda pamlathopo n'kubwerera, ndiye tinakaima pakati penipeni kuonerera anthu akudziponya atamangidwa chingwe kumiyendo, mamita 111 kupita pansi. Pagulu lathu panalibe amene anayerekeza, mtengo wakenso ndi wa madola.

Pamene tinasemphana pang'ono ndi tsiku lotsatira. Ena amafuna boti ya madzulo pa Zambezi, yoonera mvuu dzuwa likulowa uku mukumwa, ena timafuna ku myuziyamu, ndipo ndalama ya m'thumba la gulu sikanakwanira zonse. Mawu anakwera ndithu. Sisi wathu uja ndi amene anadula mlandu, anati ya gulu ndi ya mayendedwe, pogona ndi chakudya, zinazo aliyense apise m'thumba mwake. Mukamakonza ulendo wanu nkhani imeneyi mukambirane musananyamuke, chifukwa ndalama ikayamba kuchepa muli kutali ndi kwanu anthu amasintha nkhope.

Ine ndinapita ku Livingstone Museum ndipo sindinadandaule. Inayamba mu 1934, ndi yakale kwambiri m'Zambia monse, nthawi imeneyo tauniyi inali idakali likulu la Northern Rhodesia, dzina lakale la Zambia, lisanasamukire ku Lusaka mu 1935. Muli makalata ndi katundu wa David Livingstone, yemwe anafika pa mathithiwa mu Novembala 1855 n'kuwapatsa dzina la mfumukazi yakwawo, ngakhale eni dera anali nalo kale lawo la Mosi-oa-Tunya. Bambo yemweyu ndi amene anafika pa nyanja yathu mu 1859, ndipo Blantyre wathu anatengera dzina la kwawo kumene anabadwira ku Scotland. Zimene tinkaloweza ku pulayimale kuti tikhoze mayeso ndinaziona ndi maso, zolemba za dzanja lake zili pagalasi. Mulinso mbali ya miyambo ya mitundu ya ku Zambia, zambiri ukaziona umangoti izi ndi zakwathu zomwe.

Za ndalama, forex mukudziwa kale mmene ikuvutira, ndiye yambani kusaka msanga, ndipo osintha ndalama a pamsewu pa boda muziwerenga kawiri pamaso pawo musanapereke yanu. Pageti la mathithi mtengo wa alendo ndi wosiyana ndi wa eni dziko, pasipoti ikhale m'manja.

Nyengo nayo musankhe mukudziwa. Mukapita Okutobala kapena Novembala mbali ya Zambia imakhala itaphwa kwambiri, malo ena miyala yokhayokha, madzi ambiri amaonekera mbali ya Zimbabwe, koma ndi nthawi imene anthu amasambira pa Devil's Pool, kadziwe kamene kali pamphepete penipeni pa phompho. Ife mbali ya Zimbabwe sitinalowe, madola anatithera, ndiye gulupu ija sitinaitseke, tayambanso kusonkha ndipo awiri mwa amene anagwa m'njira aja abwereramo.