Tidasiya kuwotcha dothi, nazale yathu idadzuka

Nazale yathu ili ku Chigumula, chapafupi ndi msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo. Tidayamba mu 2021, ine ndi mayi akunyumba, tili ndi wilibala imodzi, chitsime chosazama ndi machubu 3,000. Pofuna kupewa matenda amene amawoletsa mbande pa tsinde zikangomera, tinkawotcha dothi lonse pa lata tisanalithire m'machubu, ndipo tinkadzitama kuti ndife aukhondo kuposa anzathu. Mbande za kabichi, mpiru ndi repu zinkakula bwino ndithu, moti sitidakayike kalikonse.

Vuto lidabwera ndi paini. Munthu wina adaitanitsa mbande 1,500 zoti akadzale kumunda kwake, koma patatha miyezi inayi zinali zikadali zazifupi ngati chala, masamba ali achikasu, ngakhale tinkathirira m'mawa ndi madzulo. Mwiniwake atabwera adangoziyang'ana n'kupempha ndalama yake, ndipo chaka chimenecho fizi ya ana tidachita kukongola.

Amene adatitsegula maso ndi bambo ena achikulire omwe adagwirapo ntchito ya nkhalango kuphiri la Zomba. Iwo adazula mbande imodzi, nakutumula dothi, nayang'anitsitsa mizu nthawi yaitali. "Ana anga, dothi ili mwalipha ndi moto," adatero. Ine ndidayankha kuti, "Bambo, ifetu timapha matenda." Sadatsutsane nane. Mawa lake adabwera ndi theka la thumba la dothi lomwe adakumba pansi pa mitengo yakale ya paini, lakuda, lonunkhira ngati bowa, lili ndi timaulusi toyera ngati ukonde wa kangaude. Adatiuza kuti tisakanize pang'ono m'chubu chilichonse. Isanathe miyezi itatu mbande zomwe tidazitaya mtima zija zidayamba kubiriwira, ndipo nsonga za mizu yake zidatupa n'kuvala timaulusi tomwe tija.

Nditawerenga pambuyo pake ndidapeza kuti zimene bambowo ankazidziwa ndi manja zili ndi dzina. Mu 1885 katswiri wa zomera wa ku Germany, Albert Bernhard Frank, adatcha mgwirizano wa mizu ndi mafangayi, tizamoyo ta m'gulu la bowa, kuti mycorrhiza. Mtengo umapereka shuga amene umapanga m'masamba, pomwe timaulusi ta fangayi timalowa m'timing'alu tadothi momwe muzu sungafike, n'kumabweretsa madzi ndi michere, makamaka fosiforasi. Mitundu yambiri ya zomera zapamtunda padziko lonse, pafupifupi isanu ndi itatu mwa khumi iliyonse, imakhala motere, ndipo m'miyala ya ku Rhynie ku Scotland mudapezeka zotsalira za zomera zazaka zoposa 400 miliyoni zili kale ndi mafangayi m'kati mwake. Paini amene wadzaza mapiri athu, Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico, ndipo popanda mafangayi ake amanyentchera ngakhale dothi likhale lachonde. Chidandiseketsa n'chakuti banja la kabichi ndi mpiru lili m'gulu la zomera zochepa zomwe sizifuna mgwirizano umenewu, ndiye kuti ndiwo zamasamba zomwe zinkatilimbitsa mtima ndi zomwe zidatinamiza. Ndidamvetsanso chifukwa chake bowa wa manyame, amene amayi amagulitsa m'misewu nthawi ya dzinja, palibe amene amamulima m'shedi ngati bowa wa oyisitala. Iye amakhala pamizu ya mitengo ya m'nkhalango zachilengedwe monga mombo, ndipo mitengoyo ikathera ku makala, bowayo amathera pomwepo.

Kuchokera pamenepo bizinesi idasintha nkhope. Tidayamba kupanga manyowa a kompositi ndi zinyalala za masamba zochokera kumsika, ndowe ndi mapesi. Mulu ukapsa bwino, ukalowetsa chitsulo pakati n'kuchitulutsa sungachigwire nthawi yaitali, ndipo kutentha kumeneko ndi ntchito ya mabakiteriya amene akudya zinyalalazo. Ukazizira ndi pomwe nyongolotsi ndi tizilombo tina timalowa kudzamaliza. Mtengo wa feteleza utakwera mu 2022, kenako kwacha n'kutsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, alimi ambiri a m'madimba adayamba kufika pakhomo pathu.

Tidawonjezeranso timapaketi ta inokulanti wa soya, yemwe ndi mabakiteriya amoyo oti mbewu ipakidwe isanadzalidwe. Mabakiteriyawa amapanga timibulu pamizu, n'kumatenga nayitirojeni wa mumpweya, yemwe ndi magawo 78 pa 100 a mpweya womwe timapuma, kumusandutsa chakudya cha mbewu. Woyamba kuwapatula ndi kuwakulitsa paokha anali Martinus Beijerinck wa ku Netherlands mu 1888. Apanso tidalakwitsa. Mapaketi oyamba tidawayala pawindo kuti odutsa aziwaona, dzuwa la Okutobala lidawapha, ndipo alimi awiri adabwera kudzadandaula. Tidawabwezera ndalama. Lero mapaketi amakhala mumtsuko wadothi pamalo ozizira, ndipo aliyense wogula ndimamuuza kuti apake mbewu pamthunzi, adzale tsiku lomwelo, ndipo pakatha milungu isanu ndi umodzi azule phando limodzi n'kung'amba kambulu ndi chikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira ngati nyama ndiye kuti ntchito ikugwirika. Sindibisanso kuti inokulanti sapereka fosiforasi ndipo sathandiza chimanga mwachindunji, ngakhale kunena zimenezi nthawi zina kumandithawitsira kasitomala.

Namondwe Freddy atawononga Blantyre mu March 2023, anthu ochokera ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche adabwera kudzafuna mbande zoti adzale pamalo pomwe dothi lapamwamba lidakokoloka, patangotsala katondo wofiira. Pamalo otere mbande yopanda tizamoyo take imavutika kugwira, choncho timawapempha kuti asakutumule dothi la m'chubu podzala, ndiponso kuti athire manyowa m'dzenje ndi kuphimbira ndi udzu. Kumapeto kwa nazale tidadzala mzere wa paini ndi wina wa mitengo yachilengedwe kuti tizitapa dothi pansi pake. Panopa tili ndi antchito anayi, ndipo machubu a chaka chino afika 20,000.