Galimoto ya nambala 100 yatsika pa jeke m'galaja yathu ya ku Biwi

Loweruka lapitali tinatsitsa pa jeke Hilux yoyera ya banja lina lochokera ku South Africa. Mayi a kunyumba, amene amasunga buku la ntchito, anawerenga masamba kenako anati, "Bambo, mukudziwa kuti iyi ndi ya nambala 100?" Sindinkadziwa. Magalimoto 100 onyamula tinyumba togonamo kumbuyo, timene eni ake amati camper, adutsa m'manja mwathu kuno ku Biwi, mu Lilongwe, kudzakonzetsa masipulingi ndi mashoki. Kwa ine amene ndinayamba ndi bokosi la masipanala lobwereka, si nkhani yaing'ono.

Poyamba tinali ngati galaja ina iliyonse: mabuleki, makilachi, kusintha oyilo. Zinthu zinatembenuka tsiku limene mlendo wina analowa ndi Nissan Hardbody itakhala pansi kumbuyo, mphuno ili m'mwamba ngati ikununkhiza mvula. Anali atachoka ku Mfuwe kudzera ku Chipata ndi Mchinji, kanyumba kali kumsana, ndipo masipulingi anali ataongoka mpaka kumagunda pa labala. Ndinamuwonjezera tsamba limodzi la sipulingi mbali iliyonse, ndinasintha mabushi ndi ma U-bolt, mabawuti omangira masipulingi pa ekiselo, ananyamuka wa ku Cape Maclear. Anauza anzake, anzakewo anauzanso ena, basi ntchito inayamba kubwera yokha. Nthawi ya Covid mu 2020 malire atatsekedwa alendo anasowa, tinabwerera ku mabuleki a maminibasi, koma zimenezo sizinali za ife tokha.

Chimene chinatsala pang'ono kutitseketsa chinachitika mu 2023. Ndinaganiza zosiya kugula mashoki awiriawiri, ndiitanitse ambiri kamodzi kuchokera ku Johannesburg. Ndalama ndinakongola kwa bambo wina amene tsiku lobwereketsa ankanditchula kuti mchimwene. Katundu ali m'njira, mu Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama yotsala ndi ya msonkho zinakwera usiku umodzi. Uchimwene unathera pomwepo. Bambo aja anayamba kufika pageti mamawa ulionse tisanatsegule. Ndinapirira, poganiza kuti katundu akangofika ndipuma.

Anafikadi, m'makatoni okongola, masitika akunyezimira. Peya yoyamba ndinamanga pa Isuzu ya agogo awiri, mwamuna ndi mkazi, opita ku Nyika. Patapita masiku anayi foni inalira usiku. Anali atadutsa Rumphi, atalowa pa geti la Thazima kulowera ku Chelinda, ndipo galimoto inkadumpha ngati mbuzi yomangidwa. Ndinakwera basi ya usiku ndi mnyamata wanga mmodzi, mashoki ena ali m'thumba la feteleza. Titafika ndinagona pansi pa galimoto ndi tochi, ndinapeza mashoki onse awiri atanyowa oyilo mpaka pansi, fumbi lofiira litamatirira ngati phala. Nditachotsa limodzi ndinalikanikiza ndi dzanja limodzi, linangolowa osakana. Anali achinyengo, katoni yonse. Agogo aakazi anandipatsa tiyi wotentha m'kuzizira kwa ku Nyika kuja, osanena mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Wogulitsa uja mpaka lero amawerenga mauthenga anga pa WhatsApp osayankha. Ngati mukuwerenga, bwana, makatoni anu ndinawasunga.

Koma ndivomere, si mashoki okha amene anali olakwa. Pobwerera tinaiyeza Isuzu ija pa sikelo ndipo kumbuyo inali itapitirira kulemera kumene anailembera. Ine ndinali nditamanga zitsulo osafunsa kuti yanyamula zingati. Kuyambira tsiku limenelo, m'galaja muno sitimasula nati tisanadziwe kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo, galimoto itapakiridwa ngati ikunyamuka ulendo. Mapikapu ambiri amaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi kapena kucheperapo, ndipo m'menemo muli anthu, mafuta owonjezera, filiji, mabatire, tayala lachiwiri la sipeya ndi madzi. Thanki ya malita 80 ndi makilogalamu 80, anthu amaiwala.

Ena sakondwa ndikawauza kuti masipulingi olimba sawonjezera kulemera kumene galimoto inaloledwa kunyamula. Amaiimitsa mowongoka, amachepetsa kupendama pokhota, nyali zimasiya kuthobwa anzanu m'maso, koma ekiselo, mabuleki ndi chasisi zimakhala zomwe zija. Ndipo chasisi ndiye chimandidetsa nkhawa, makamaka pa double cab. Kanyumba kakatulukira kwambiri kumbuyo kwa matayala, bampu iliyonse imapinda chasisi pakati pa kebu ndi bodi. Amene amathamangira ma airbag, matumba a mpweya oikidwa pakati pa ekiselo ndi chasisi, n'kuwapopa kwambiri amakhala akuunjika mphamvu yonse pamalo amodzi amene sanapangidwire zimenezo. Timawamanga ma airbag, inde, koma ngati othandizira pang'ono, masipulingi oyenera ali kale. Nthawi zina mankhwala ake n'kungosuntha thanki ya madzi ndi mabatire kupita kutsogolo, ndipo kasitomala amatuluka atalipira zochepa. Wosagwirizana nazo timamulozera galaja ina, ndipo alipo amene anapitadi.

Zikomo kwa mayi a kunyumba, amene anagulitsa mbewu ya m'munda wa kwawo ku Mitundu kuti tichotse bambo aja pageti. Zikomo kwa amayi a banki mkhonde amene anatikhulupirira pamene ena ankatiuza kuti tibwere mawa. Anyamata anga atatu, amene munalandira malipiro a theka miyezi itatu osachoka, Mulungu akudalitseni. Mkulu wowotcherera wa pafupi nafe amene amatibwereka jenereta magetsi akathima, zikomo. Agogo awiri a Isuzu aja, amene m'malo motinyoza anatitumizira anzawo asanu, ndilibe mawu. Ndi inu amalonda, alimi ndi a mabungwe amene munaona kuti zimene timachitira alendo zikugwiranso pa mapikapu anu onyamula matumba, zikomo kwambiri.

Tsopano mashoki timagula kwa ogulitsa ovomerezeka okha, ndipo katoni timatsegula inu mukuona. Tikamanga, mumabweranso mutayenda pang'ono kuti tikungenso ma U-bolt, mwaulere. Mwezi uno, pokondwerera galimoto ya nambala 100, kuyeza ndi kuona masipulingi, mabushi ndi mashoki sitikulipiritsa. Ngati mukukonzekera Nyika, Vwaza kapena makona a Gorodi okwera ku Livingstonia, tipezeni ku Biwi Lolemba mpaka Loweruka. Mubwere mutapakira zonse, thanki ya madzi itadzadza, ndi onse amene adzakwere.