Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Khonde la Amalume m'Chaka cha Bakili Bullets

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinatsika minibasi ku Ndirande kumapeto a 2003, nditanyamula kachikwama ka zovala ndi kalata ya mayi yopita kwa mlongo wawo. Mayeso a Folomu 4 sanandiyendere bwino, ndiye kumudzi ku Thyolo anagwirizana zoti ndikaphunzire utelala kwa amalume.

Amalume ankasokera pakhonde la golosale ina kufupi ndi msika. Anali ndi makina awiri a Singer opondera ndi mwendo, benchi lalitali, simbi ya makala, ndi wailesi yakuda imene chivundikiro cha mabatire anachimanga ndi lamba wa chubu. Miyezi yoyambirira makina sindinawakhudze. Ntchito yanga inali kukoleza makala a simbi, kusomeka mabatani, kuphwasula misoko yolakwika ndi kaleza, ndi kuthamangira zipi ndi ulusi kumsika. Masana benchi lija linali la makasitomala, koma ikangokwana 4 koloko linkasanduka bwalo la milandu ya mpira. Ankafika bambo wina wogulitsa makala, mnyamata wometa wa pafupi nafe, mlonda wina asanapite ku ntchito yausiku, ndi aphunzitsi opuma amene ankabwera ndi nyuzipepala ya dzulo. Onsewa anali a Maule, masapota a timu ya Bullets. Ndirande ndi kwawo kwa Bullets, aliyense akudziwa. Pakhonde lonse Noma, sapota wa Wanderers, anali mmodzi yekha, mwini khondeyo.

Ineyo Bullets ndinayamba kuikonda ndisanaione. Kumudzi tinkazungulira wailesi kumvetsera a Steve Liwewe Banda pa MBC, ndipo kuyambira 1999 chaka chilichonse ligi inkathera m'manja mwa timu yofiira. Mwana amakonda chomwe chikupambana. Choncho tsiku loyamba lomwe amalume anandifunsa kuti, “Mphwanga, ndiwe wa timu yanji?” ndinayankha mosaganiza kawiri. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, tepi ili m'khosi, nkunena kuti, “Mlongo wanga wanditumizira mdani m'nyumba.” Anaseka, anthu a pabenchi anandiombera m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi malo pa mkangano.

Mkangano wake sunkatha chifukwa unali ndi mizu. Amalume akafuna kutiputa ankayambira kutali: Wanderers ndi ya 1962, Bullets ndi ya 1967, ndipo amene anayambitsa Bullets ndi osewera omwe anagalukira ku Wanderers. “Ndinu ana athu inu,” ankatero uku akudula ulusi ndi mano. “Mwana akachoka pakhomo nkukalemera, sasanduka bambo.” Aphunzitsi opuma aja ankabweza ndi dzina limodzi lokha: Kinnah Phiri. Apo nkhani inkatembenukira ku 1978 ndi 1979, zaka zimene Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa kawiri motsatizana. Funso linali loti anatipatsa zikho zija ndani, Kinnah wa Bullets amene ankamwetsa zigoli, kapena Jack Chamangwana wa Wanderers amene ankatseka kumbuyo? Amalume ankati chigoli aliyense amachiona, koma chigoli chimene chalepheretsedwa amachiona ndi munthu wodziwa mpira yekha. Jack ankamukonda mpaka anayamba kuchemerera Kaizer Chiefs ya ku Joni chifukwa choti iye anakasewerako. Musaiwale zimenezi, zibweranso kutsogoloku.

Nthawi imeneyo dzina la timu yathu linali litasintha. Akuluakulu anaidziwa ngati Bata Bullets, kenako Total Big Bullets, ndipo tsopano inali Bakili Bullets, chifukwa amene ankaithandiza anali pulezidenti wa dziko wa nthawiyo, a Bakili Muluzi. Mphunzitsi anali Kinnah yemwe uja. Pagolo panali Swadick Sanudi, kumbuyo Peter Mponda, m'mbali Fischer Kondowe akuuluka. Kwa ife anyamata zinali ngati kumwamba kwatseguka. Tinkayenda wapansi kuchokera ku Ndirande kudzera ku Ginnery Corner mpaka ku bwalo la Chichiri, kukakhala padzuwa ku mbali yotchedwa Biafra, njala osaimva.

Apa mpamene amalume anasiya zoseka. Nkhani ya Kinnah ndi Jack ankaikamba akumwetulira, koma ya dzina latsopanoli ankaikamba makina atayimitsa.

“Mumati ndinu timu ya anthu,” anatero tsiku lina. “Anthu ake ati? Dzina ndi la munthu mmodzi, thumba ndi la munthu mmodzi. Chisankho chili pakhomo, iye sakuimanso. Akachoka pampando, anyamatawa adzadya chiyani?”

Wometa uja anati ndi nsanje basi. Wamakala anati ndalama ilibe chipani, yabwera tidye. Ine ndinaona ngati ndapeza pogwira, ndipo ndinati, “Nanga inu amalume, simunakhalepo Yamaha Wanderers? Simunakhalepo Limbe Leaf? Lero si mukudya za kampani ya matelefoni? Kusiyana kwake nkotani?”

Yankho lawo ndimalikumbuka liwu ndi liwu. Anati kampani imasaina pepala, imanena kuti tikhala nanu zaka zakuti, ndipo ikamachoka mumadziwiratu. Wandale alibe pepala. Ali ndi mtima wake ndi mpando wake, ndipo ziwirizi zimasintha usiku umodzi. Anawonjezera kuti ngakhale kampaniyo si yodalira, kuti matimu onse awiri ndi alendo m'nyumba za eni: alibe bwalo lawolawo, alibe chogulitsa, ndalama za pakhomo zimagawidwa zisanafike kwa wosewera. “Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mphwanga. Wa pachala ngwa mphepo.” Ine sindinamve. Ndinali ndi zaka 19, timu yanga ikugonjetsa aliyense, ndipo mawu ajawa ndinawatenga ngati kulira kwa munthu wogonja.

Kenako inafika nkhani ya Orlando Pirates ya ku Joni, mdani wamkulu wa Kaizer Chiefs. M'chaka cha 2004 Bullets inali mu CAF Champions League, ndipo kuti ilowe m'magulu a matimu 8 omaliza inayenera kudutsa pa Pirates. Sabata yonse pakhonde panalibe nkhani ina. Amalume tinawapanikiza pakona: munthu wa Kaizer Chiefs angachemerere bwanji Pirates? Nanga Noma angachemerere bwanji neba wake, Bullets? Anakana kusankha. Anati iwo achemerera makina awo, chifukwa anali ndi mayunifolomu a ana asukulu oti amalize.

Tsiku la masewero otsiriza tinamvera pa wailesi yakuda ija. Ndinagula mabatire atsopano ndi ndalama yanga ya mabatani. Anthu anadzaza khonde mpaka kutsekereza chitseko cha golosale, ena atakhala pa matumba a makala. Amalume anatipatsa msana, akusoka kolala ya diresi yabuluu. Koma ine ndinali pafupi nawo, ndipo ndinkaona phazi lawo pa chopondera. Mpira ukakhala pakati, makina ankalira mwachizolowezi, tekete tekete. Woulutsa akangokweza mawu, phazi linkaima, singano ili m'nsalu, dzanja lili pa gudumu. Mawu akatsika, phazi linkayambanso. Kolala imodzi anaisoka theka lonse lachiwiri, ndipo mawa lake ndine amene ndinaiphwasula chifukwa msoko unali utakhota.

Wezulo womaliza atalira, Ndirande yense anaphulika. Minibasi zinkaliza mahutala, amayi nthungululu, ana akuthamanga ndi nthambi mumsewu. Tinali tatulutsa Pirates. Wamakala anandinyamula, malaya anga onse bii. Phokoso litatsika pang'ono, amalume anatembenuka nkunena modekha kuti, “Anyamata asewera mpira, zimenezo sindingakane. Koma funso langa lija silinayankhidwe.”

Chimene ndinayankha chimandiwawa mpaka lero. Pamaso pa anthu onse, makasitomala awo ali pomwepo, ndinati, “Inu amalume mtima wanu ngwoipa. Mwakalamba ndi nsanje, ngati timu yanuyo.” Khonde linati zii. Aphunzitsi opuma aja anapinda nyuzipepala yawo nkunyamuka. Amalume sananene kanthu. Anavula tepi m'khosi, anaipinda, anavundikira makina ndi chitenje, nkupita kunyumba dzuwa likanalipo.

Kunyoza timu ya munthu pakhonde paja kunali kololedwa, ndicho chinkatisonkhanitsa. Neba tinkamutcha mayina onse, iwonso ankatibwezera. Koma ine sindinanyoze Wanderers. Ndinanyoza mlongo wa mayi anga, amene ankandidyetsa ndi kundiphunzitsa ntchito osandilipiritsa ngakhale tambala. Masiku anayi sanandilankhule. Nsalu ankangondiikira pa benchi, ine nkudziwa ndekha chochita. Usiku wachinayi azakhali, akazi awo, anandiitanira kukhitchini akupakula nsima, nkundiuza kuti, “Mpira ukatha mumabwera kudzadya kuno, simupita kukadya kwa Kinnah. Pita ukagwade.” Ndinapita. Ndinawapeza akhala pampando wa ndalema panja, ndinagwada, ndinati, “Amalume, ndinalakwa, pakamwa panandithawa. Mundikhululukire.” Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, “Timu yako uzikonda, sindikukuletsa. Koma munthu akakufunsa funso, uziyankha funsolo.” Mawa lake anandikhazika pa makina achiwiri kwa nthawi yoyamba.

Za m'magulu sindichulukitsa. Tinagwera pamodzi ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Sitinapitirire, ndipo chikho chinapita ku Enyimba. Komabe kufika pamenepo chinali chinthu chachikulu, ndipo amene tinachiona sitidzachiiwala.

Chisankho chinachitika mu May 2004, a Bingu wa Mutharika analowa, bwalo la Chichiri linabwereranso ku dzina la Kamuzu Stadium, ndipo posakhalitsa dzina la Bakili linachoka pa timu yathu limodzi ndi thumba lake. Ligi ya 2005 tinaitengabe, yachisanu ndi chiwiri motsatizana, koma denga linali litayamba kudontha. Peter Mponda ndi Robert Ng'ambi anakapezeka ku Black Leopards ku Joni, Kinnah naye anakaphunzitsa Free State Stars. Mu 2006 ligi inapita kwa Manoma, mu 2007 ku ESCOM United, kenako Silver Strikers ya ku Lilongwe inayamba kulamulira. Tinadikira mpaka 2014 kuti tiionenso.

Chimene chinandidabwitsa m'zaka zimenezo nchakuti mkangano wa pakhonde unasintha mbali. Amalume sankafunikanso kutiputa, tinkadyana tokhatokha. Wometa ankati vuto ndi makochi, aliyense wobwera achotsedwe. Wamakala ankati osewera a masiku ano alibe mtima, amangofuna ndalama, ndipo mlonda ankamubweza kuti iweyo ungagwire ntchito mwezi wathunthu osalandira? Aphunzitsi ankaloza komiti, ena ankaloza masapota anzathu amene ankafuna kulowa ulere pageti kenako nkumalamula kuti asewere ndani. Panali masiku amene anthu awiri ovala zofiira ankatsala pang'ono kugwirana m'khosi, Noma mmodzi yekha uja nkumawaleretsa.

Mu 2006 amalume anasangalala, musaganize kuti ayi. Anavala malaya abuluu sabata yathunthu ndipo anatigulira Fanta tonse kuti titsitsire chisoni. Koma pa nkhani ya ndalama ija sanandinenepo kuti “ndinakuuza.” Tsiku lina ndinawayamba ndine. Ndinati, “Amalume, funso lanu lija, yankho lake ndilibe.” Anati nawonso alibe, ndipo kuti tsiku lina lidzawafikira a Manoma. Pamenepo mpamene ndinazindikira kuti sankafunsa ngati mdani. Ankadziwa kuti Bullets ikagwa, Wanderers idzasowa womenyana naye, ndipo Loweruka la mu Blantyre lidzakhala ngati Lachiwiri.

Kuyambira apo ndinayamba kudzifunsa kuti ineyo, amene ndinkakuwa kwambiri kuti timu ya anthu, ndinaikapo chiyani. Kangati ndinalowa pageti polipira theka kwa munthu wodziwana naye? Ndinaleka zimenezo. Ndinaganizanso zosoka mbendera ndi timipango tofiira ndi toyera kuti ndizikagulitsa ku bwalo, gawo lina la phindu ndizikapereka ku nthambi ya masapota ya kwathu, imene inkasonkha kangachepe kothandizira osewera. Ndinagula nsalu mamita 10 ku Limbe, koma kudula ndinali ndisanakudziwe bwino, ndipo mbendera ziwiri zoyamba zinatuluka zopendekeka.

Amalume anaziona, anapukusa mutu. Anayala nsalu yofiira ija pa tebulo, anatenga choko ndi rula, anajambula mizere, nkudula mbendera 24 zofanana ndendende, osataya ngakhale kachidutswa. Atamaliza anandipatsa sizasi nkunena kuti, “Kudula ndadula, chifukwa nsalu siyenera kuonongeka. Koma dzina la timu yakoyo usoke wekha, ndipo usokere pa makina akowo, osati anga.”

Ndinasoka usiku wonse pa nyali ya galasi. Loweruka m'mawa ndinanyamula mtolo wanga kulowera ku Kamuzu Stadium, ndipo zimene ndinakumana nazo pageti tsiku limenelo ndi zomwe ndidzayambire m'gawo 10.