Denga la galimoto likakana kutseka, musathamangire kugula pampu

Abale anga a kuno ku Joni, aliyense amene ali ndi galimoto ya denga lopinda amve izi, asataye ndalama ngati zimene anandidyera ine. Yanga ndi BMW E46 ya 2003. Denga linaima pakatikati, osatseka osatseguka, kagetsi kofiira ka pa batani kakungophethira. Munali mu Novembala, ndipo mukudziwa mvula ya kuno, masana kungoda pang'ono basi matalala.

Yambani ndi batire, ili m'buti. Injini itazima iwerenge mavoti 12.6 kapena kuyandikira pamenepo, ikamalira cha m'ma 14. Mota ya pampu yopopa mafuta oyendetsa denga imakoka magetsi ambiri, batire yofooka denga limanyanyala. Za mafyuzi sindichedwapo, ali mu glove box pamodzi ndi kapepala kake.

Chimene chinandiwawa ndi galaja ina ya cha ku Booysens. Analumikiza kamakina kawo, nandilipiritsa R950 ya "diagnosis", galimoto nkukhala kumeneko tsiku lonse padzuwa, ine ganyu yanga itapita. Madzulo akuti pampu yafa, tiitanitse ina. Ndinafunsa kuti kompyuta yanena chiyani, iwo akuti palibe code, nambala yosonyeza vuto. Ingakhalepo bwanji? Timakina totchipa ta OBD2 timawerenga za injini zokha. Denga lili ndi kabokosi ka kompyuta kakekake, pa E46 amati CVM, ndipo kamafuna makina odziwa BMW. Ndiye R950 ija inali ya chiyani? Mpaka lero mtima umandiphulika ndikaganiza. Musanapereke kalikonse, afunseni maso ndi maso ngati makina awo amalowa m'kabokosi ka denga.

Ndadumpha china. M'buti muli kashelefu kamene denga limagonera likapindidwa. Kakakhala kokwezedwa kuti mulowe katundu, kaswitchi kake kamauza galimoto kuti malo palibe, ndipo denga silitsika. Kaoneni kaye. Mawindonso ayenera kutsika okha mukadina batani.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wa kwathu ku Mangochi, amakonza za magetsi a galimoto chakufupi ndi Jules Street. Anati, "Achimwene, dinani batani, ine ndimvetsere kumbuyoku." Pampu inalira bwinobwino kenako nkudula. Iwo anati pampu yakufa siyimba chonchi, ikudulidwa dala chifukwa kabokosi sikakudziwa pamene denga lafika. M'zitsulo za denga muli timasensa touza kabokosiko kuti loko watseguka, chivundikiro chakwera, denga lafika apa. Kamodzi kakangokhala chete, zonse zimaima kuti zitsulo zisaphwanyane.

Anatsata mtolo wa mawaya wodutsa m'mbali mwa zitsulozo mpaka pamene umapindika denga likamayenda. Atasenda kansalu kokutira, kunja waya aliyense ankaoneka wabwino. Anaika mita yoyezera magetsi uku ndi uku, nkumagwedeza mtolowo ndi chala. Mita imalira, kusiya, kulira. Waya mmodzi anali ataduka m'kati mwa pulasitiki wake, monga amathyokera waya wa hang'ala ukamupinda kawirikawiri. Kugwedezako ndiye nkhani yonse, chifukwa waya wotere akagona phee amagundana nkukunamizani kuti ali bwino.

Sanangomanga pothyokapo. Anadula kachigawo konse nkuikapo waya watsopano wofewa, mfundo zowotcherera nkuzisunthira kutali ndi popindikapo, chifukwa malo owotcherera amauma ndipo sachedwa kuthyokanso. Anaonanso mafuta a pampu, anali pa mzere wake.

Denga likakuimirani panjira musalikoke ndi mphamvu, mungapinde zitsulo. Buku la galimoto lili ndi njira yotsekera pamanja, iwerengeni lero mvula isanakupezeni pa M1. Ndipo ndibwerezenso: wina akati pampu yafa, muuzeni ayeze kaye mawaya a popindikira, akuwagwedeza, inu muli pomwepo.