Udindo wakwera, nanga malipiro?

Lero bwana anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti kuyambira mwezi wamawa ndikhala mkulu wa dipatimenti yathu. Ndinasangalala kwambiri, koma nditawerenga kalatayo mtima unangoti zii. Ndalama imene awonjezerayo akadula PAYE, yotsalayo sikwana ngakhale thiransipoti ya mwezi.

Ndinawathokoza, kenako ndinati, "Bwana, udindowu ndaulandira ndi manja awiri, koma tikambiraneko za malipiro." Ndinawakumbutsa kuti ndiziyang'anira anzanga, ndiziweruka mochedwa, komanso kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga, sopo ndi lendi sizinatsikenso. Mawu ankanjenjemera ndithu, koma kupempha malipiro oyenera thukuta lako si mwano ayi.

Ati andiyankha Lachisanu. Abale, mundipempherereko.