Gauni ndavala, zikomo Amayi a makalata

Abale inu ndatopa koma tulo sitikubwera, ndiye ndangoti bola ndilembe pompano mtima usanazizire. Gauni ndakabweza dzulo masana koma mpaka pano paphewa pakumveka ngati ndidakavalabe. Digiri ija yatuluka. Eya ija, imene anzanga tinalowa nawo limodzi 2015 anatenga 2019, ine ndaigwira m'manja Lachisanu lapitali, zaka 6 mochedwa, moti nditakhala pa mpando muholo muja ndimayang'ana ana ondizungulira nkumawerengera kuti awa anali ku sekondale pomwe ine ndimalemba mayeso omaliza kkkk.

Nkhani yake ambiri mukuidziwa, sindibwereza zonse. Bambo kudwala chaka chomaliza, ndalama ya fizi kuthera kuchipatala, bambo kutisiya, project kuima pa chapter 3, zotsatira kutsekeredwa ku accounts chifukwa cha balansi. Ndimati ndigwire kaganyu chaka chimodzi ndilipire ndimalize, ndiye March 2020 corona uja, sukulu zatsekedwa, kaganyu komweko katha. Pomwe zimatsegulidwa ine manyazi anali atandimanga kale miyendo. Pa gulu la kalasi la WhatsApp ndinatuluka mwakachetechete, ndikaona wa pa koleji mumsewu ndimakhota. Basi zokhazo.

Chimene ambiri simudziwa ndi mmene zinayambira kuti ndibwerere. Kompyuta ya ku yunivesite ilibe manyazi, inangotola mayina onse a chaka chathu nkuwathira m'kaundula wa alumni, anthu amene anamaliza pa sukuluyo, ine momwemo. Ndiye magazini ya alumni imandipeza pa imelo ngati munthu woti anamaliza, ine nkumaitsegula ngati wokanda chilonda, uyu wakwezedwa pa ntchito, uyu watenga PhD, awa anakumana pa reunion akuseka mano onse panja. Kumapeto kwake kuli tsamba la makalata a awerengi, ndipo nthawi imeneyo, kumayambiriro kwa 2023, anthu amakangana za ndalama zimene alumni amasonkha, ena amati timange geti yatsopano yolembapo mayina athu, ena amati ayi tikonze holo. Usiku wina zinandikwana. Ndinalemba kalata pa foni, yaukali, yopanda dzina, ndinati mukulimbana za geti pomwe ena amene mukuwatumizira magaziniyi anatulukira pa geti pomwepo chimanjamanja. Ndinatumiza nkufunda bulangete, sindimayembekezera kanthu.

Amayi amene amakonza tsamba limenelo dzina andikaniza, achita kundiopseza kuti ndikalitchula pano andibloka, ndiye ndingoti Amayi a makalata, owadziwa mukuwadziwa. Anamaliza pa sukulu yomweyi ine ndisanabadwe, ndipo tsambalo amakonza mongodzipereka, salandirapo kanthu. Anandiyankha patapita masiku awiri, mizere itatu yokha. Anati kalata aisindikiza koma ndime yachitatu achotsa chifukwa ndatukwana, anati dzina langa asunga, ndiye mzere womaliza anati mwana wanga registration number yako ndi chani ndipo unaima pati. Amayi inu simukudziwa. Zaka zonse zija anthu amandifunsa kuti zinatheka bwanji, unalakwitsa chani, bwanji sunanene msanga. Inu munandifunsa nambala. Ndinali nditaiiwala kumene, ndinachita kukafukula ID yakale pansi pa chikwama, nditaiona chithunzi cha mnyamata wa first year uja ndinakhala pansi.

Ine ndimaona ngati vuto ndi ndalama basi, kuti ndikalipira balansi pepala lituluka. Ayi ndithu. Amayi ndi amene ananditsegula maso kuti pulogalamu imakhala ndi malire a zaka zoti umalize, ndipo ukachoka osalemba kalata yopempha kuima kaye zaka zimangowerengedwabe mpaka dzina lako lichoke pa ophunzira, ndiye ine kalata imeneyo sindinalembe, ndinangosowa ngati mbuzi yoduka chingwe. Pamafunika apilo yopempha kubwerera, iyambire ku dipatimenti, ipite kwa dean, ikafike ku senate, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite, ndipo senate sikhala tsiku ndi tsiku, ukaphonya nkhumano imodzi udikira ina. Izi ndikulemba dala chifukwa ndikudziwa alipo wina akuwerenga ali mmene ndinaliri ine, mphwanga zikavuta usangochoka, lemba kalata, adinde, kope usunge. Apilo yangayo Amayi anandibwezera kanayi. Kanayi abale! Koyamba anati ndikulira kwambiri mfundo sizikuoneka, kachiwiri anati ndikuimba mlandu sukulu pomwe ndabwera kudzapempha, kachitatu anapeza kuti masiku amene ndalemba sakugwirizana ndi a pa satifiketi ya imfa ya bambo, kachinayi sindikukumbukanso, mwina inali koma chabe kkk. Pena ndimapsa mtima nkumati mayi awa akuona ngati ndi kalata ya mu magazini eti. Koma italowa sinabwererenso.

Ndiye za mayankho a awerengi aja, ndinene poyera chifukwa zakhala zikundidya. Kalata yanga itatuluka, kope lotsatira tsamba linadzadza. Ena analemba zabwino, ena anaulula kuti nawonso ali ndi mng'ono wawo kapena mnzawo wa chipinda chimodzi amene anasowa chimodzimodzi. Koma ena eeh. Wina anati alumni si bungwe la ngongole. Wina anati ifenso tinavutika koma tinamaliza, ana a masiku ano kudandaula. Wina anachita kukayika kuti munthuyo alipodi kapena mkonzi wangomupeka kuti tsamba likome. Ndipo Amayi anasindikiza onse, okoma ndi owawa omwe, osachotsa ngakhale imodzi. Ndinawaimbira foni ndikunjenjemera, ndinati Amayi mwalola bwanji anthu andinyoze chonchi inu mukudziwa zoona zake. Anati tsambalo ndi la awerengi, si langa komanso si lawo, anati iwe unalemba maganizo ako osapempha chilolezo kwa munthu, asiye nawo alembe awo. Zinandiwawa, ndinakhala sabata yathunthu osayankha mauthenga awo, iwo amangotumizabe kuti apilo ili pati ngati palibe chachitika. Pano ndikuona kuti akanangosindikiza ondimvera chisoni okha nkhani ikanazilala m'kope limodzi, mkangano uja ndi umene unapangitsa anthu kumatsegula tsamba lakumapeto. Koma sindinama, ya uja anati ndine wopeka ndinaijambula ili mu foni mpaka lero, ndipo kukhululuka kwenikweni sindinafike, Ambuye andithandize. Achimwene, wopeka uja wavala gauni.

Chondidabwitsa ndamva mwezi wathawu. Bambo amene analemba kuti alumni si bungwe la ngongole ali m'gulu la amene anasonkha ndalama zolipira balansi yanga. Akuti maganizo awo sanasinthe, amanenabe kuti kuthandiza wophunzira wosowa ndi udindo wa sukulu osati wa anthu amene anachoka kale, koma anati mwanayo amalize kaye tizikangana bwino. Bambo kulikonse muli zikomo, ndipo pang'ono ndikugwirizana nanu, chifukwa ine ndathandizidwa poti kalata yanga inagwera m'manja abwino, nanga amene salemba makalata?

Za ndalama ndinene kuti pasakhale manong'onong'o. M'manja mwanga simunadutse kanthu. Amayi anakana zimenezo kuyambira tsiku loyamba, aliyense amalipira yekha ku akaunti ya sukulu pa nambala yanga, risiti kutumiza kwa iwo, iwo kulemba m'kabuku kawo. Balansi itatha anauza anthu kuti basi zakwana musatumizenso, ngakhale ena amafunabe. Nonse amene munasonkha, ambiri sindikudziwani nkhope, ena muli kunja, ena munamaliza zaka za m'ma 1990 ndipo dipatimenti yanga simunaiponde nkomwe, mwana wa mnzako ngwako yemwe ndimangomva pakamwa koma inu mwandionetsa. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo, ana anu asadzagone ndi mtima umene ndimagona nawo ine.

Senate itavomera ndimati zatha, kumene zinali zikuyamba. Supavaiza wanga wakale anali atachoka, anandipatsa wina amene sanandionepo, ndipo atawerenga anangoti data iyi ndi ya 2018 yakalamba, kayambirenso. Ndinalira mu minibasi tsiku limenelo, anthu kumandiyang'ana. Masana ntchito, usiku chapter, laputopu yobwereka yoti batire inafa ukangosuntha chingwe yazima. Dokotala, supavaiza wanga, zikomo chifukwa simunandimvere chisoni pa zolemba, cholembera chanu chofiira chija ndimachilota. External examiner, wochonga project wochokera kunja kwa sukulu yathu, atabweza ndi ma corrections munandikhazika pansi tsamba ndi tsamba Loweruka, tsiku lanu lopuma. Mnzanga wa laputopu, iwe ukudzidziwa, chaka ndi miyezi osandifunsa kuti ubweza liti, ndikugulira batire ndalonjeza pagulu. Achemwali a ku registry amene munapeza fayilo yanga mu kabati ya anthu osowa, ena atandiuza kale kawiri kuti kulibe, munafumbira fumbi chifukwa cha ine. Ndi clearance form ija, siginecha ya laibulale, ya hostel, ya accounts, ya dipatimenti, kuyenda ngati wosaka mwana wotayika, mpaka ku laibulale kunditulutsira buku limene ndinabwereka 2018 kkkk, ndipo linalidi kunyumba, mayi anga amasungiramo mapepala a kuchipatala.

Mayi anga ondibereka, inu mawu andithera. Zaka zonsezi anthu akakufunsani kuti mwana uja anamaliza, mumangoti ali mkati. Ali mkati. Simunandinyozepo ngakhale tsiku limodzi, koma ndimakumvani usiku mukutchula dzina langa popemphera. Lachisanu pomwe amaitana dzina langa mawu anu ndinawamva holo yonse ija, ndipo pokwera masitepe ndimaganiza za bambo, kuti iwo ndi amene anandiperekeza tsiku loyamba atanyamula chikwama changa pamutu ngati si bambo a munthu. Mkazi wanga, unakwatiwa ndi munthu wa digiri ya mawa, wandipirira, nyali kuyaka mpaka 2 koloko iwe mmawa ntchito. Zikomo mayi a mwana.

Ndiye pali ena. Sinditchula, mukudzidziwa. Tinagona chipinda chimodzi, tinagawana manotsi, assignment zina ndinakulemberani ine, koma zitandivuta uthenga wanga umangooneka kuti wawerengedwa. Sindimapempha ndalama nthawi zonse, pena ndimangofuna munthu andiuze kuti ofesi yakuti yasamukira kuti. Lero ndi inu oyamba kuika chithunzi changa pa status kuti tinali nawe m'mapemphero. Chabwino, mwina munalidi, Mulungu ndiye amadziwa. Ine ndalayika zonse, sindine wa mwano, koma chaona mnzako chapita. Ndipo nanenso ndivomere, pali awiri atatu amene munandisaka ine nkumakuthawani, inu mlandu mulibe, pepani.

Ndibwererenso kwa Amayi a makalata chifukwa ndikamalemba za ena onsewa ndikungoona iwo kumbuyo. Supavaiza atati kayambirenso ndinawalembera kuti Amayi ndasiya, anthu abwezeredwe ndalama zawo, sanandinyengerere, anangoti chabwino usiye Lolemba, lero nditumizire questionnaire ndione. Lolemba litafika anati usiye Lolemba linalo. Mpaka ndinamaliza ndikudikira Lolemba losiyira. Munthu woti sitinaonanepo maso ndi maso mpaka Lachisanu, zaka ziwiri ndi theka pa foni ndi imelo basi. Ndinawasungira khadi yolowera muholo, anakana, anati khadi ndi ya mayi ako ndi mkazi wako, ine ndiima panja. Ndipo anaimadi panja, padzuwa, mayi wamkulu ngati uja. Nditatuluka ndinawazindikira ndi mawu okha, amafunsa mlonda kuti atuluka nthawi yanji. Ndinagwada pomwepo ndi gauni, iwo nkumati dzuka iwe ukuda gauni ya eni ake ukalipira. Chithunzi anakana, tili nacho chimodzi chokha chooneka dzanja lawo paphewa langa.

Amayi, Yehova akusungeni, akupatseni masiku ambiri ndi maso owerenga makalata athu otukwana. Geti ija kaya amanga kaya samanga ine ndilibe nayo mawu, ndatulukirapo bwinobwino ndi pepala m'manja. Mwati maso ayamba kukuvutani ndiye ndizikuthandizani kutayipa makalata a kope likubwerali, ndavomera, ndipo atatu mwanditumizira aja ndawaona, kuphatikizapo ya mtsikana uja wa third year. Ndamufunsa kale registration number. Zotayipazo ndiyamba mawa, lero ndisiyeni ndigone kaye.