Apongozi, usipa ndi galimoto yopanda mapisitoni

Kuno ku Harare ngakhale mwana amadziwa kuti galimoto ya 1.3 siimwa mafuta, imangonunkhiza. Umboni ndi ti Honda Fit tamushikashika, timatakisi topanda chilolezo, timene timazungulira tsiku lonse pakati pa tawuni ndi Machipisa, kwathu ku Highfield, anthu asanu ndi awiri ali mkati, wachisanu ndi chitatu ali m'buti miyendo ili lende panja. Ndiye tsiku limene ndinaona pa gulu lina la WhatsApp chithunzi cha Mazda RX-8 yofiira psuu, m'munsi atalemba kuti injini ndi 1.3, zitseko zinayi, mipando inayi, ndinangoti basi, Mulungu wandikumbukira.

Ndinali nditakwera makombi zaka khumi ndi chimodzi, m'mawa kuchoka ku Highfield kupita kuntchito ku Graniteside, madzulo kubwerera nditapindidwa ngati mphasa. Titasunga kandalama, akazi anga anaika malamulo atatu: galimoto ikhale yosamwa mafuta, ana athu awiri azikwanamo, ndipo amayi awo akadzabwera kuchokera ku Zomba asadzakwere kombi. Ine ndinali ndi lamulo langa lachinayi lamumtima, loti ndikamadutsa pa Machipisa anthu azitembenuka. Kunyumba ndinangonena kuti ndapeza ya 1.3 ya zitseko zinayi. Sindiname. Ndinangopereka choonadi pang'onopang'ono, ngati mankhwala a mwana.

Wogulitsayo, mnyamata wa tcheni m'khosi, anati tikumane ku Borrowdale, pafupi ndi Sam Levy's Village. Atangomva Chishona changa anayamba kunditchula Achimwene, monga amatiitanira tonse ochokera ku Malawi, ngakhale amene makolo awo anabwera nthawi ya chitaganya mzinda uno ukadali Salisbury. Pakamwa pake panali potsetsereka. Anandiuza kuti injini ya mtundu umenewu ndi imene Mazda inapambanira mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1991, kuti RX-8 anasiya kuipanga mu 2012, ndiponso kuti kuyambira 2021 boma linaletsa kulowetsa m'dziko galimoto zimene zakwana zaka khumi, choncho ina ngati iyi sindidzaionanso. Ndinafufuza pambuyo pake, zonsezi zinali zoona. Mnyamata uja sanandinamize ngakhale kamodzi, n'chifukwa chake mpaka lero ndimasowa pomugwirira.

Tinaiyesa mu Borrowdale Road, msewu wosalala ngati mbale ya alendo. Magiya asanu ndi limodzi, chiwongolero chomvera, kulira kwake ngati njuchi zakwiya m'chitini. Muvi utayandikira 9,000 kabelu kanalira kundikumbutsa kusintha giya, ine mtima uli myaa. Popereka makiyi anati, "Achimwene, chinthu chimodzi chokha. Mukailiza ikadali yozizira, musaizimitse isanatenthe." Ndinagwedeza mutu, koma maso anali pa galasi, ndikudziyang'ana mmene ndakhalira bwino.

Akazi anga ataiona anaizungulira kawiri osalankhula, kenaka anafunsa kuti, "Abambo, mbali ina ya galimotoyi itsatira liti?"

Sabata yoyamba inandiphunzitsa zambiri. Galimotoyi inapangidwira misewu ya kwawo ku Japan, osati ya kwathu kumene nthawi ya mvula maenje ena amakhala ndi achule awoawo. Pa hampu iliyonse ndinkachita kulowa cham'mbali ngati nkhanu, makombi ali pambuyo akuimba hutala. Potuluka ndinkayamba kutsamira dzanja pansi, chifukwa munthu wa zaka 46 sadzuka chodzukadzuka pa mpando umene uli chifupi ndi phula. Za mafuta ndiye ndisanene. Ndikathira petulo wa madola khumi Lolemba m'mawa, pofika Lachitatu kanyali kayaka. Mtsikana wa pa filing'i siteshoni anafika pondifunsa za ana kunyumba. Oyilo nayenso ankatsika, pansi osadontha kanthu. Ndinadzamva mochedwa kuti injiniyi anaipanga dala kuti izipsereza oyilo pang'ono poyenda, ndipo mwini wake amayenera kuyang'ana kandodo ka oyilo pafupipafupi. Akuluakulu ananena kuti safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi mng'oma womwe.

Ndiye kunabwera uthenga woti apongozi anyamuka.

Basi ya ku Blantyre imadzera ku Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda, ndipo munthu akamatsika pa Roadport amakhala atatopa zenizeni. Koma mayi wachimalawi sabwera kwa mwana wake chimanjamanja. Anatsitsa thumba la mpunga wa Kilombero, dengu la usipa, mtedza, ufa woyera, mabotolo a Sobo, ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere chija timati cha ku Joni. Ndinatsegula buti. Munalowa Sobo ndi mtedza, buti n'kudzaza.

Muyenera kumvetsa kuti ine ndi apongozi anga timalemekezana mwachikale. Zaka 15 za ukwati sindinawayang'anepo m'maso, moni timapatsirana patali, ine nditanjuta. Tsono galimotoyi zitseko zake zam'mbuyo n'tating'ono, timatsegukira chakumbuyo, ndipo sititseguka pokhapokha utayamba watsegula chakutsogolo. Ndinatsegula zonse ziwiri, galimoto n'kukhala yasa ngati ng'ona ikuothera dzuwa. Amayi anasuzumira mkati, anakonza chitenje, anatembenuka, n'kuyamba kutsika. Anatsika, anatsikabe, kufunafuna mpando, mpaka anangoti khu!

"Bambo," anatero akuyang'ana kumbali, "mpando mwauchotsa, kapena ndi momwemu?"

Dengu la usipa linakhala pamiyendo pawo, chikwama pambali pawo. Thumba la mpunga ndinalikhazika kutsogolo n'kulimanga lamba ngati bwana. Akazi anga, mwana wawo amene anabwera kudzawalandira, anakakwera kombi.

Mu Simon Mazorodze tinayenda bwino. Titalowa m'makwalala a kwathu, pa hampu yoyamba pansi panamveka khweee, galimoto n'kuima, matayala akutsogolo uku, am'mbuyo uko.

"Mwaponda galu?" anafunsa amayi.

Ndinatsika, ndinasenza mpunga kuwolotsa hampu, ndinabwerera kudzawolotsa galimoto, ndinakwezanso mpunga. Mahampu analipo anayi. Tinapeza akazi anga atafika kale, madzi a tiyi atawira.

Zonsezi zikanaiwalika pakadapanda Lamulungu.

Apongozi anga ndi mayi wa Mvano, ndipo anabwera ndi yunifolomu yawo kuti akapemphere nafe ku CCAP, kumene mpaka lero nyimbo timaimba m'Chichewa. Usiku wonse bulauzi yoyera inali pa hang'ala, itasitidwa ndi simbi ya makala chifukwa magetsi anali atapita. Ine ndinalawirira mbandakucha kuti ndichotse manyazi a pa hampu. Ndinailiza galimoto, ndinaitulutsa pageti mamita atatu okha kuti ndiitsuke bwino, n'kuizimitsa. Kunkazizira. Sinathe ngakhale theka la mphindi ikulira.

Nthawi ya tchalitchi itakwana ndinalowetsa amayi kumbuyo mwaulemu wonse, ndinatseka kachitseko kawo, ndinakhala pa chiwongolero. Ana anali atatsogola ndi anzawo. Akazi anga anakhala kutsogolo, Baibulo pamiyendo. Ndinapotokola kiyi.

Wiiiiii. Chete.

Ndinapotokolanso. Wiiiiii, mopepuka ngati makina osokera opanda ulusi. Fungo la petulo linadzaza bwalo lonse. Kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, batire n'kuyamba kulira mwaulesi. Akazi anga anatuluka, anamenyetsa chitseko, anakakhala pakhonde. Nanenso ndinatuluka, ndinatseka changa, ndinatsegula boneti n'kuima manja m'chiuno, monga amachitira mwamuna aliyense amene sakudziwa chimene akuyang'ana.

Aneba anayamba kusonkhana. Anyamata anayi anati tiijudule. Tinaikankha mpaka pa hampu, hampu inakana, tinaibweza. Ndinaimbira amakanika ena achikulire a ku Gazaland, kwawo kwenikweni ndi ku Dedza, amene akonza galimoto za anthu a mpingo wathu kuyambira kalekale. Anabwera pa njinga atavala suti ya kutchalitchi, sipanala ili m'thumba la jekete. Anachotsa chivundikiro cha pulasitiki, anasuzumira, anavula magalasi, anasuzumiranso.

"Achimwene, injini yakeyo mwaisiya kuti?"

Ndinawalozera. Kanthu kakang'ono, kobisala chakumbuyo.

"Chabwino. Masilinda ndi angati?"

Ndinati anayi, poti ndinali nditawerenga zingwe za mapulagi. Mphwanga wa fomu 3, amene nthawi yonseyi anali pa foni, anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Malume, ilibe masilinda. Ilibenso mapisitoni."

Amakanika anamuyang'ana mwanayo ngati watukwana m'tchalitchi. Iye anawaonetsa kanema wa pa YouTube. Mkati mwa injiniyi muli zitsulo ziwiri za makona atatu, zooneka ngati samusa wonenepa, zimene zimangozungulira m'chibowo chonga chikoko cha mtedza. Anaitulukira ndi Mjeremani wina, Felix Wankel. Samusa aliyense ali ndi mapulagi awiri, ndiwo anayi ndinawerenga aja. Ikakhala yozizira imathira petulo wambiri, ndipo ukaizimitsa nthawi yomweyo petuloyo amanyowetsa mapulagi n'kutsuka oyilo wa m'makoma, injini n'kusowa mphamvu yopanikiza mpweya. Mawu a mnyamata wa tcheni uja anandibwerera m'makutu, onse, ndi Achimwene wake yemwe.

Amakanika anabweza sipanala m'thumba. "Zaka zonsezi ndakonza Peugeot, ndakonza Datsun, ndakonza mathirakitala a m'mafamu a fodya. Za masamusa ayi. Mwana, tiuze chochita."

Mankhwala ake anali oti ndiponde faya mpaka pansi n'kumailiza choncho, chifukwa ukatero kompyuta ya galimoto imatseka petulo, wa mkati uja n'kumauma. Koma batire inali itafooka. Aneba athu, Mshona wa mtima wabwino amene amayendetsa mushikashika, anabweretsa ka Honda Fit kawo kobenduka bampala, n'kulumikiza zingwe. Galimoto ya ku Le Mans inayamba kuyamwa kwa ka Fit, anthu onse akuona.

Nditatsegula chitseko kuti ndikhale, ndinamva kutsokomola kwaulemu kumbuyo.

Amayi! Tonse tinali titawaiwala. Ola lathunthu anali mkati, magalasi otseka, dzuwa litakwera, atakankhidwa kupita pa hampu ndi kubwerera, kachitseko kawo kosatheka kutsegula poti zakutsogolo zinali zotseka. Kugogoda pa galasi kuitana mkamwini anaona kuti n'kupanda mwambo. Thukuta linali kamukamu, duku litapendekeka, buku la nyimbo akudzikupizira.

"Pepani amayi, pepani ndithu."

"Palibe kanthu bambo. Ndimaona ngati tikupita."

Kuti atuluke panafunika anthu awiri. Akazi anga anakoka dzanja ili, ine, mkamwini wa zaka 15 wosayang'ana apongozi m'maso, ndinakoka linalo, nkhope zathu kutsala pang'ono kugundana. Atapuma anati zinthu zotere zimafuna pemphero. Anapita kukaima kumbuyo kwa galimoto, anasanjika dzanja pa buti, anatseka maso.

Mphwanga anali kutsogolo ndi foni, amakanika anagwira zingwe, palibe anaganiza za kumene ekizozi yaloza. Ndinaponda faya mpaka pansi. Wiiiii. Kupuma. Wiiiii. Kupumanso. Kachisanu mphwanga anati ndichotse phazi. Injini inatsokomola, inagwedezeka, kenaka phuuu!

Utsi umene unatuluka sindinauonepo ngakhale potentha uvuni ya njerwa. Woyera, wochindikala, unakwirira geti, unakwirira aneba, nkhuku zinathawa. Anyamata anaimba m'manja. Mkati mwa mtambowo munkamveka mawu a amayi akumaliza pemphero, chifukwa mayi wa Mvano sasiyira pemphero panjira. Atati ameni anatulukira pang'onopang'ono ngati mngelo wa m'masomphenya, koma bulauzi ija, kuyambira pamimba kutsika, ili madonthomadontho akuda ngati nkhanga.

Palibe anaseka. Amakanika anavula chipewa.

"Yalira, amayi," ndinatero ndi mawu aang'ono. "Tingathe kupita."

Anayang'ana galimoto, anayang'ana bulauzi, kenaka kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo anandiyang'ana ine m'maso. Sananene kanthu. Anatembenukira kwa aneba aja n'kufunsa m'Chichewa, iwo n'kumva bwinobwino, ngati m'ka Fit muli malo. Analowa okha, osagwiridwa dzanja, anakhala tsonga, ndipo ndinawamva akuuza akazi anga kuti, "Iyi ndiye galimoto. Munthu ukuona kumene ukupita."

Ine sindikanatha kuwatsatira. Mphwanga anati ndikaizimitsa isanatenthe tiyambiranso poyamba, choncho ndinazungulira Highfield yense ndekha, mu suti, cham'mbali pa hampu iliyonse. Ndinafika kutchalitchi akulengeza zopereka. Potuluka amayi anzawo anawazungulira kufunsa za bulauzi, iwo n'kungoti, "Ndi akamwini anga, agula ndege."

Anakhala nafe milungu itatu, ndipo tsiku lobwerera anapempha okha kuti aneba awaperekeze ku Roadport. Galimoto ndinaiika pa gulu lomwe lija la WhatsApp, ndinalemba kuti 1.3, zitseko zinayi, mipando inayi. Abwera anthu atatu. Awiri anafunsa chimene chinafera mkatimo, poti usipa wa m'nyanja ya Malawi ukalowa m'mipando suchoka. Wachitatu anabwera ndi mkazi wake.

Amayi akaimba foni amafunsa za ana, za mvula, kenaka amati, "Nanga chule uja, wayamba kudzuka yekha?" Ndimayankha kuti eya amayi, akudzuka. Ndipo n'zoona. M'mawa uliwonse ndimamuliza kuti batire isafe, ndimadikira mpaka muvi wa kutentha ufike pakati, ndimamuzimitsa, ndimatseka geti, n'kuthamangira kombi.